Mwana wanga akuopa kudwala, amandidzutsa usiku kuti ndimugwire pamphumi

Funso

Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 10, ali Sitandade 5. Agogo ake, amayi anga ondibereka, anamwalira ndi kolera dzinja lapitali, ndipo mwanayu ankagona nawo chipinda chimodzi. Chichitikireni zimenezo sakupeza mtendere. Usiku amandidzutsa kuti ndimugwire pamphumi ngati watentha. M'mimba mukangolira amayamba misozi, amati ndi kolera. Amasamba m'manja mpaka zala zayamba kung'aluka. Phala la kusukulu anasiya kumwa, ndipo masiku ambiri m'mawa amati m'mimba mukupweteka, sapita kusukulu. Tapita naye kuchipatala katatu, amuyeza malungo ndi magazi, akuti alibe vuto. Bambo ake akuti ndi chibwana ndipo ine ndikumulekerera. Azakhali ake akuti pali dzanja la munthu. Ine ndimamuuza tsiku lililonse kuti sadwala, koma pakangopita mphindi zochepa wafunsanso. Ndichite chiyani?

Mayi wa ku Ndirande

Yankho

Mayi, choyamba pepani chifukwa cha amayi anu. Mukulera mwana wamantha pamene inunso misozi sinaume, ndipo kudzutsidwa usiku uliwonse kumatopetsa ngakhale munthu wopirira chotani. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto limene ife ogwira ntchito za maganizo a ana timalitcha nkhawa ya matenda. Si chibwana ndipo si misala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, ndipo 58 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Ana ambiri amapeza bwino akulu akasintha zinthu zingapo pakhomo.

Tiyambe ndi m'mimbamo, poti ndi pamene bambo ake akukayikira. Mwana akati m'mimba mukupweteka m'mawa, mukupwetekadi. Munthu akachita mantha thupi limatulutsira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline, timene timalikonzekeretsa kuthawa. Mtima umagunda msangamsanga, magazi ambiri amathamangira kuminofu ya miyendo ndi mikono, ndipo matumbo amasokonekera: nseru, kupotokola, kulira kwa m'mimba, nthawi zina mpaka kuthamangira kuchimbudzi. M'manja mumachita thukuta, nkhope imamveka kutentha. Akamapuma mwaphuma amayamba chizungulire ndi dzanzi m'zala. Tsono taonani pamene pagona nkhani. Zizindikiro zimene mantha amabweretsa ndi zomwezo zimene mwana wanu akuzidikirira ngati umboni wa kolera. M'mimba mukalira pang'ono, monga mumalirira mwa munthu aliyense, iye amakumbukira agogo. Akakumbukira agogo mantha amakwera, mantha akakwera m'mimba mumapotokola zenizeni, iye n'kuti, "Si izi, zayamba." Komanso munthu amene akumvetsera thupi lake tsiku lonse amamva tinthu timene enafe sitimva n'komwe.

Mungathe kudzionera nokha. Kwa sabata imodzi, lembani m'kope nthawi imene wadandaula ndi zimene zimachitika nthawiyo. Kawirikawiri mupeza kuti ndi m'mawa wa masiku a sukulu ndi madzulo pokagona, koma Loweruka akamasewera fulaye ndi anzake kuli zii. Sikuti akunama ayi. Ululuwo ukutsatira mantha.

Nanga bwanji iyeyu, osati abale ake? Ana ena amabadwa osachedwa kuda nkhawa. Koma msinkhu wake nawo ukuthandizira. Mwana wa zaka 4 amaganiza kuti womwalira adzabweranso. Pofika zaka 7 mpaka 10 mwana amakhala atazindikira kuti imfa sibwerera m'mbuyo ndipo imafikira aliyense, iye yemwe ndi amayi ake omwe. Kuzindikira kumeneku kumafika msanga kuposa nzeru zoyeza ngati choopsacho chimachitika kawirikawiri kapena mwa apo ndi apo. Kwa iye "zitha kuchitika" ndi "zichitika usiku uno" n'chimodzimodzi. Ndiye kumbukirani zimene ana a msinkhu wake akula akuziona. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19, kenako akulu anayamba kuvala zotseka pakamwa. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Uthenga woti sambani m'manja waumva pawailesi, kusukulu ndi kutchalitchi. Ndi uthenga wabwino ndipo unapulumutsa miyoyo, koma mwana wamantha amaumva mopitirira: kuti ndikangoiwala kamodzi, kwanga kwatha.

Kolera ilinso ndi nkhanza yakeyake pa maganizo a mwana. Munthu amene munadya naye nsima dzulo, lero wafooka, mawa kulibe. Maliro ake amachitika mofulumira, thupi amalikonza ndi azaumoyo, ndipo ana timangowatumiza kwa aneba osawauza kanthu. Mwana amene ankagona chipinda chimodzi ndi agogo anaona ndi kumva zambiri usiku umenewo, kenako aliyense anatanganidwa ndi zovutazo, palibe anamufunsa. Ndikukupemphani kuti tsiku lina masana, muli awiri, mwina mukusankha nyemba kapena mukumuluka tsitsi, mumufunse kuti, "Tsiku limene agogo anadwala, iwe unaona chiyani? Umaganiza kuti chinachitika n'chiyani?" Mukatero khalani chete, mumulole afotokoze ngakhale azidukizadukiza. Ana ambiri amakhala atasunga kanthu mumtima: ndine ndinawatungira madzi aja, ndinawayankha mwano dzulo lake, ndinawamva akubuula koma sindinadzutse amayi. Akanena zoterezi musathamangire kumuletsa kuti asamaganize zimenezo. Muuzeni momveka bwino kuti, "Agogo anadwala chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso. Si iwe unachititsa, ndipo kuwasamala sinali ntchito ya mwana." Kwa azing'ono ake, ngati munawauza kuti agogo anagona kapena anapita ulendo, konzani mawuwo munene kuti anamwalira. Mwana amene wauzidwa kuti womwalira wagona amatha kuyamba kuopa tulo.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti n'chachikulu m'kalata yanu. Mwati mumamuuza tsiku lililonse kuti sadwala, koma sachedwa kufunsanso. Mayi aliyense wokonda mwana angachite zomwezo, choncho musadziimbe mlandu. Koma kutsimikizira mwana mobwerezabwereza kuli ngati kukanda mphere: kumakoma nthawi yomweyo, kenako kuyabwa kumabwerera kochuluka. Mukamugwira pamphumi n'kunena kuti sanatenthe, mantha amatsikadi, koma iye amaphunzirapo zinthu ziwiri zolakwika. Amaphunzira kuti panalidi choopsa chofunika kuchiyeza, ndiponso kuti mtima wake sungakhale m'malo pokhapokha amayi atayeza. Mantha akabweranso, njira imene akuidziwa ndi yomweyo basi. N'chimodzimodzinso kusamba m'manja kambirimbiri, kukana phala, kujomba kusukulu, ngakhale kupita kukayezetsa malungo thupi lisanatenthe. Chilichonse mwa izi chimamupumitsa kwa kanthawi, koma chimamumana mwayi woona yekha kuti mantha akawasiya amakwera, amafika pachimake, kenako amatsika okha popanda choipa kuchitika. Mwana amene sanaonepo zimenezi sangazikhulupirire chifukwa chongouzidwa.

Mawu oti "sudwala" alinso ndi vuto lina. Ndi lonjezo limene simungathe kulisunga. Tsiku lina adzagwidwa ndi chimfine kapena malungo monga mwana aliyense, ndipo adzati amayi anandinamiza. Ndiponso mwana wa zaka 10 akudziwa kale kuti za mawa inu simuzidziwa, n'chifukwa chake yankho lanu silikumufika pamtima. Chimene mungamupatse moona ndi ichi: kuti akadwala pali akulu amene adzaona n'kuchitapo kanthu msanga, ndiponso kuti iye ali ndi mphamvu zopirira mantha mpaka atadutsa.

Ku yunivesite ya Yale ku America, katswiri wotchedwa Eli Lebowitz ndi anzake anayesa njira yophunzitsa makolo okha, mwana osakumana ndi mlangizi n'komwe. Makolowo ankaphunzira kuchepetsa zimene amachita pofuna kumupewetsa mwana mantha, komanso kumuyankha mosonyeza kuti akumumvetsa ndipo akumukhulupirira kuti apirira. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2020, pa ana 124 a zaka 7 mpaka 14, zinasonyeza kuti anawo anapeza bwino mofanana ndi anzawo amene analandira uphungu maso ndi maso. Kafukufuku ameneyu amandilimbitsa mtima kwambiri, chifukwa kuno akatswiri a maganizo a ana ndi owerengeka, pamene wolera mwana alipo pakhomo lililonse.

Komabe sindingakuuzeni kuti muzinyalanyaza madandaulo a mwana m'dziko limene malungo amapha ana. Njira yake ndi kugawana ntchito. Panopa mwana wanu wadzipatsa ntchito yoyang'anira thupi lake usana ndi usiku, ndipo ntchito imeneyi ndi yolemera kwa mwana. Mulandeni. Mukhale naye pansi masana, osati pamene akulira, mumuuze kuti, "Kuona ngati wadwala ndi ntchito ya ine ndi bambo ako. Yako ndi kundiuza kamodzi ukamva chachilendo. Ine ndiona, ndipo ndikaona kuti n'zofunika chipatala, tipita tsiku lomwelo." Kuti mawu amenewa akhale oona, inuyo muyenera kudziwa zimene mukuyang'ana. Ngati mungakwanitse, gulani thermometer ku famase, muziisunga inu, osati iye. Kutentha kwa 37.5 kapena kuposa poyeza m'khwapa ndi chifukwa chokwanira chokayezetsa malungo pasanathe maola 24. Akatsegula m'mimba mwa madzimadzi katatu kapena kuposa pa tsiku, yambani kumumwetsa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo chimbudzicho chikakhala chochuluka, chooneka ngati madzi otsukira mpunga, thamangani naye kuchipatala akumwa m'njira. Kusanza chilichonse, kulephera kumwa, kukomoka, kuuma khosi, kubanika, kufooka kwambiri ndi magazi m'chimbudzi, zimenezi sizidikira kuti kuche. Akayamba kuonda, kapena ululu ukakhazikika malo amodzi n'kumakula, kapena ukamamudzutsa ali m'tulo, bwererani kwa adokotala. Koma zonsezi zikapanda kuoneka, mwana akudya kunyumba, akusewera, ndipo amuyeza kale katatu, kuyezetsa kachinayi sikumuthandiza. Musamupatsenso panado kapena LA wotsala m'nyumba pongofuna kuti akhazike mtima pansi. Kumeneko n'kumuuza kuti akudwaladi, komanso LA samwedwa munthu asanayezedwe.

Nanga usiku akabwera n'kunena kuti, "Amayi, tandigwirani," muyankhe bwanji? Osamukalipira, osamuthamangitsa. Mumuuziretu kuti kuyambira Lolemba muzimugwira pamphumi kamodzi kokha pokagona, kenako basi mpaka m'mawa, ndipo mumuuze chifukwa chake: kuti mwaona kuti kugwiragwirako kukukulitsa mantha ake. Akabweranso pakati pa usiku, mawu anu akhale ochepa ndiponso omwewomwewo tsiku lililonse: "Ndikuona kuti mantha abwera, ndipo ndikudziwa kuti akukusautsa. Funsoli ndinayankha kale. Ndikudziwa kuti upirira mwanawe. Bwera tipume limodzi." Mumukumbatire ngati akufuna. Pomukumbatirapo mudzamva nokha ngati thupi latenthadi, popanda kulengeza kuti mukuyeza. Kupumako n'kosavuta: dzanja pamimba, kukoka mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono ndi pakamwa kuwerenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya mosathamanga kumachepetsa kugunda kwa mtima. Muziyeserera masana ali bwinobwino, kuti usiku asachite kuphunzira mantha ali pakhosi.

Ndikuchenjezeni pasadakhale. Masiku oyamba zinthu zimaoneka ngati zaipiraipira. Adzalira kuposa kale, mwina adzati simumukonda, adzapita kwa bambo ake kapena kwa mkulu wake kukafunsa funso lomwelo. Apa ndi pamene makolo ambiri amagonja, ndipo mwana amaphunzira kuti akalira mokweza dzanja limabwera ndithu. N'chifukwa chake ndimalangiza kuyamba ndi chinthu chimodzi chokha, chimene mukudziwa kuti muchikwanitsa ngakhale mutatopa, ndipo onse a m'nyumba agwirizane pa yankho limodzi. Mukalimba mtima koma mofatsa, mafunso amayamba kuchepa pakapita masabata ochepa. Kuti asamve ngati mwamutsekera khomo, mupatseni mphindi 10 madzulo alionse dzuwa lisanalowe, nthawi yake yofunsa chilichonse chimene chikumuvuta. Funso likabwera nthawi ina, alilembe m'kope lake, lidikire madzulo. Mudzaona kuti ambiri mwa mafunsowo pofika madzulo amakhala atazirala.

Pa nthawi ya mafunsoyo muuzeni zoona za kolera, chifukwa zimene iye akuganiza n'zoopsa kuposa zenizeni. Kolera imayamba ndi tizilombo tolowera m'kamwa kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Siyenda ndi mphepo, ndipo sibwera chifukwa choiganizira. Munthu akameza tizilomboto amadwala pakangopita maola ochepa, kuchedwetsa kwake masiku 5. Mfundo imeneyi muitsindike, chifukwa ana ambiri amaganiza kuti matenda a agogo anawalowa ndipo akubisala m'thupi kudikira tsiku lake. Papita miyezi, ndiye kuti matenda aja mwa iye mulibe. Kolera imapha pomaliza madzi m'thupi, ndipo chithandizo chake ndi kubwezeretsa madziwo ndi ORS kapena diripi. Odwala akalandira chithandizo msanga, amene amamwalira sakwana mmodzi pa 100 alionse. Akafunsa kuti nanga agogo bwanji, muuzeni kuti matendawa amathamanga kwambiri ndipo matupi a okalamba sachedwa kufooka. Muonetseni kasungunulidwe ka ORS, mumulole azikuthandizani kuthira WaterGuard kapena klorini m'ndowa ya madzi akumwa. Koma zimenezi mufotokoze kamodzi kapena kawiri, mwina alembe yekha m'kope. Mukamazibwereza tsiku ndi tsiku zisanduka dzanja lina la pamphumi.

Za kusamba m'manja, lamulo likhale limodzi kwa onse m'nyumba: pochokera kuchimbudzi, asanadye, asanagwire zophika, ndiponso akasintha khanda thewera. Sopo, masekondi 20, kamodzi. Muuzeni kuti khungu long'aluka ndi limene limalowetsa tizilombo, ndipo muzimupaka mafuta madzulo. Ngati panopa amasamba kambirimbiri, musadule zonse tsiku limodzi. Yambani ndi kuchedwetsa: "Dikira mphindi 5, ukaona kuti ukufunabe tikambirana."

Phala nalonso libwerere pang'onopang'ono. Phala lowira bwino, loperekedwa lotentha m'kapu yoyera, ndi chakudya chotetezeka, poti moto umapha tizilombo ta kolera. Sabata yoyamba angoima pamzere ndi kapu yake n'kukhala pamodzi ndi anzake akumwa. Kenako alawe supuni imodzi, kenako theka. Asanayambe mufunseni kuti mantha ali pati pakati pa 0 ndi 10, ndipo akaweruka mufunsenso kuti anafika pati ndipo anatsika nthawi yanji. Ana amasangalala kuona okha nambalayo ikutsika. Pomuyamikira musamati, "Waona, palibe choopsa." Nenani kuti, "Unachita mantha koma unamwabe, walimba mtima." Kusukulu kokha musazengereze. Tsiku lililonse limene wajomba limapangitsa kuti la mawa likhale lovuta kwambiri. Ngati thupi silinatenthe, sakusanza ndipo sakutsegula m'mimba, apite, ngakhale mutachita kumuperekeza mpaka pakhomo la kalasi. Kaonaneni ndi aphunzitsi ake muwafotokozere, kuti akadandaula m'kalasi amulole kukhala panja mphindi zochepa n'kubwereranso, m'malo momubweza kunyumba kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake.

Bambo ake musakangane nawo, chifukwa mbali ina akunena zoona: kumuchitira mwana chilichonse chimene mantha akufuna sikumuthandiza. Pamene akuphonya ndi poganiza kuti mwanayo akuchitira dala. Kumukalipira kapena kumukwapula kungamusiyitse kulankhula, koma mantha adzakhalapobe, ndipo adzaonjezerapo kuopa bambo ake. Apatseni gawo. Iwo ndi amene azimuperekeza kusukulu, kapena azimufunsa madzulo kuti lero walimbana ndi mantha ati. Abambo ambiri akapatsidwa chochita chenicheni amasiya kunena kuti ndi chibwana.

Azakhali nawonso akulankhula chifukwa chomukonda mwanayo, ndipo muwayankhe mwaulemu. Koma ndikupempha ndi mtima wonse kuti nkhani ya dzanja la munthu isafike m'makutu mwa mwana. Kolera ili ndi njira yoipewera imene angaphunzire. Mukamuuza kuti pali munthu amene akumufunira zoipa, mwamupatsa mantha amene sangawayeze, sangawasambe ndipo sangawathawe. Kumutemera mphini kapena kumumwetsa zitsamba kumangomutsimikizira kuti m'thupi mwake muli choopsa. Kupemphera naye pokagona n'kwabwino ndipo kumatonthoza ana ambiri, koma musapite naye kumene akamuzungulire n'kumakuwa kuti ali ndi ziwanda. Muonetsetsenso kuti pempherolo lisasanduke chinthu chimene ayenera kuchibwereza kangapo poopa kuti akapanda kutero wina amwalira.

Palinso zimene akulufe timalankhula osaganiza kuti ana akumva. Timafotokozerana pakhonde mmene uje anadwalira mpaka kutsirizika, timaonetsana zithunzi za odwala pa WhatsApp mwana ali pambali, ndipo foniyo timamubwereka kuti aseweretse. Choipa kwambiri ndi chizolowezi choopseza ana ndi chipatala: ukapanda kudya ndikutengera kwa adokotala akakubaye jakisoni, ukapanda kusamba m'manja ufa ngati agogo. Mawu amenewa ndimadana nawo. Malo amene mwana ayenera kuwadalira akadwala timawasandutsa chilango. Auzeni onse a pakhomo, ndi ana aakulu omwe, kuti zimenezi zithe.

Inunso mayi, dzifunseni mofatsa mmene mukukhalira chimwalirireni amayi anu. Ngati mumadzidzimuka mwana akangothamangira kuchimbudzi, iye amawerenga nkhope yanu musanatsegule pakamwa. Sindikunena kuti mubise chisoni. Kulira pamaso pake n'kumuuza kuti, "Ndawasowa agogo ako, koma ndikhala bwino," kumamuphunzitsa kuti chisoni sichipha munthu. Muzikamba za agogo ali moyo, ndiwo zimene ankakonda, nthano zimene ankamuuza, kuti asamawakumbukire ndi usiku womaliza wokha. Ngati sanapite kumanda ndipo akufuna, pitani naye. Ndipo pezani munthu wamkulu mnzanu woti muzimukhuthulira zanu, kaya ndi mchemwali wanu kaya amayi a kumpingo.

Tsiku limene adzadwaledi lidzafika, makamaka mvula ikayamba. Musadzalione ngati zonse zagwa. Mudzachite zimene munalonjeza: kuyeza, kupita kuchipatala, kumwa mankhwala mpaka kumaliza, inu muli odekha. Akachira mudzakambirane kuti anadwala, akulu anaona, ndipo wachira. Mantha angadzakwerenso kwa masiku angapo, ndipo mudzangobwerera ku malamulo omwe aja.

Pali pamene za pakhomo zokha sizikwanira. Ngati mwayesa izi kwa mwezi umodzi kapena kuposerapo osaona kusintha, ngati kusamba ndi kubwereza zinthu kukumudyera ola lathunthu kapena kuposa pa tsiku, ngati akuonda chifukwa chokana chakudya, akulota zoopsa za usiku uja mobwerezabwereza, kapena watha masabata awiri osapita kusukulu, funani thandizo la akatswiri. Akanena kuti akufuna kufa kapena kutsatira agogo, musadikire, pitani naye tsiku lomwelo ndipo musamusiye yekha. Mufunseninso muli awiri ngati pali wina amene akumuvutitsa, kumumenya kapena kumugwira mosayenera kusukulu, panjira kapena pakhomo, chifukwa nthawi zina m'mimba mwa m'mawa mumabisa nkhani ina.

Poti muli mu Blantyre, yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko ndipo pemphani kuti akutumizeni kwa a zamaganizo ku Queen Elizabeth. M'zipatala za maboma mumakhala anamwino ndi madokotala ophunzira za maganizo, ndipo kulinso chipatala cha Zomba Mental ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwana wapenga. Thandizo loyamba pa nkhawa ya ana ndi uphungu wotchedwa CBT, umene umaphunzitsa mwana kuyang'anizana ndi mantha pang'onopang'ono monga ndafotokozeramu, ndipo mankhwala amabwera pokhapokha vuto litakula. Mukafika musangonena kuti mwana akumva m'mimba, chifukwa adzangomuyezanso malungo. Nenani kuti anaferedwa agogo ake, akuopa matenda, akusamba m'manja mopitirira ndipo akujomba kusukulu. Tengani buku lake la kuchipatala ndi kope limene mwakhala mukulembamo. Ngati mukufuna wolankhula naye musanapite, nambala ya 116 ya Tithandizane yothandiza ana ndi yaulere.